Thanki yalembedwa 5000 koma madzi akutha msanga, yezani kaye musanakalipire munthu

Vuto ili limabwera chaka ndi chaka makamaka cha mu Okutobala ndi Novembala madzi akayamba kuvuta ku mpope. Munagula thanki yolembedwa malita 5000, kapena amisiri anakumangirani ya njerwa nkukuuzani kuti bwana iyi ndi ya 6000 musadandaule, koma madzi akangosiya masiku ochepa thanki yauma gwa. Nde pakhomo pamayamba kulozana zala, wina akuti ana akuseweretsa madzi, wina akuti wantchito amachapa mosasamala, wina akuti aneba akumatunga usiku, pulambala naye akabwera amangoti pali pena pakudontha tikumbe. Zonsezo zimatheka ndithu koma nthawi zambiri madzi amene mukuwasakawo sanalowemo nkomwe mu thankimo. Nambala yolembedwa pa thanki ndi ina, madzi amene mungatungemo ndi ena, ndipo kusiyana kwakeko mumakupeza ndi tepi yoyezera, ndodo yowongoka ndi kalikuleta ya pa foni basi.

Masamu ake ndi ochepa, musathawe. Lita imodzi ndi kabokosi ka masentimita 10 mulitali, 10 mulifupi, 10 kuya. Ndiye ngati thanki yanu ndi ya makona anayi yezani mulitali, mulifupi ndi kuya kwa madzi, zonse mu masentimita, mutaimuze zitatuzo, yankho mugawe ndi 1000, zomwe zatulukazo ndi malita. Mukayeza mu mamita yankho limabwera mu cubic metre, ndipo cubic metre imodzi ndi malita 1000, muyezo womwewo umene a Water Board amalemba pa bilu. Chimene chimasokoneza anthu ndi kusakaniza, mbali ina mwayeza mu mamita, ina mu masentimita, ina mwawerenga kumbali ya mainchesi poti matepi ambiri amakhala ndi zonse ziwiri, yankho limatuluka la misala. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, fiti imodzi ndi 30.48, sinthani kaye zonse zikhale chinthu chimodzi kenako muziwerengera.

Thanki ya njerwa

Apa mpamene anthu amapwetekeka kwambiri. Mmisiri amayeza kunja chifukwa ndi kumene amawerengera njerwa ndi simenti, nde akati mamita 2, mamita 2, msinkhu mita imodzi ndi hafu, pa kalikuleta zimatuluka malita 6000 ndipo sakunama dala ayi, kungoti madzi sakhala mkati mwa khoma. Khoma la njerwa ziwiri zogundana mukaphatikiza pulasitala limafika masentimita 25 mosavuta, ndipo makomawo ali mbali zonse, kutanthauza kuti pa 200 paja muchotsepo 50, mkati mwatsala 150. Mbali inayo chimodzimodzi 150. Msinkhu wa 150 uja muli silabu yapansi, muli chivindikiro, muli kampata kamene madzi safikako, tinene kuti madzi amafika masentimita 120. Taimuzani 150 ndi 150 ndi 120 mugawe ndi 1000. Malita 2700. Hafu ya 6000 sinakwane nkomwe.

Ndipo sitinathe. Ngati pakati anamangapo chipilala chogwira silabu yapamwamba, chipilalacho chakhala pamalo pa madzi, cha 25 kwa 25 chomira masentimita 120 chimadya malita 75. Paipi yotulutsa madzi siikhala pansi penipeni, amaikweza dala kuti matope asamalowe mu mapaipi, ikakhala masentimita 10 kuchoka pansi ndiye kuti malita pafupifupi 225 mumangowaona ndi maso koma ku mpope sadzafika. Otsala oti mugwiritse ntchito ndi cha m'ma 2400. Banja limene limaganiza kuti lili ndi 6000 likusamba ndi kuchapa mwa 6000, pamenepo wolakwa palibe.

Kuyeza mkati sikufuna kuti mulowemo, ndipo thanki yotseka musalowemo muli nokha olo itaoneka yaing'ono, mpweya umatha kuchepa mmenemo. Yezani kunja, yezani kukhuthala kwa khoma pa chitseko chapamwamba, muchotsere kawiri.

Ya pulasitiki yozungulira

Iyi fomula yake ya kusukulu ndi 3.14 kutaimuza rediyasi kawiri kutaimuza msinkhu, koma ine ndimakonda njira yosafuna rediyasi chifukwa anthu amaiwala kugawa dayamita pakati nde yankho limakula kanayi, munthu nkumasangalala kuti thanki yake ndi ya 20000. Tengani dayamita, kuchoka mbali iyi kudutsa pakati kufika mbali inayo, muitaimuze ndi iyo yomwe, mutaimuzenso ndi 0.785, kenako ndi kuya kwa madzi, mugawe ndi 1000. Ngati pamwamba simungafikepo zungulizani chingwe pamimba pa thanki, yezani chingwecho, mugawe ndi 3.14, dayamita ndi imeneyo. Chingwe cha masentimita 565 chikupatsani 180. Pa pulasitiki khoma ndi lopyapyala ndiye zilibe kanthu kwambiri, koma yozungulira ya njerwa musaiwale kuchotsa makoma aja.

Titenge thanki ya dayamita 180 ndi msinkhu 200. Imeneyo ikukwana malita 5000 ndi kakenakake pamwamba, opanga sanakubereni. Koma ball valve, valavu ija ya mpira woyandama yotseka madzi olowa, imatseka madzi asanafike pakamwa, ndipo mapulambala ena amaiika pansi kwambiri poopa kuti isamagunde chivindikiro, overflow, paipi yotayira madzi osefukira, nayo ili chapomwepo. Ikamatseka patatsala masentimita 20 mwataya malita opitirira 500. Pansi paipi yotulutsa ili pa masentimita 10, enanso 250 apita. Mwatsala ndi cha m'ma 4300, thanki ili bwinobwino yosadontha paliponse. Ball valve imatheka kuikweza kapena kusintha mkono wake kuti izitseka mochedwerapo, bola madzi asafike pa overflow, imeneyo ndi ntchito yaing'ono koma imabweza malita mahandiredi angapo.

Nambala imene ndikufuna muisunge ndi ya malita pa sentimita imodzi. Ndi masamu omwe aja kungoti pa kuya muikepo 1. Thanki ya 180 ija ndi malita 25.4 pa sentimita, ya njerwa ija ndi 22.5. Ilembeni ndi penti pa thankipo. Kenako pezani ndodo yoyera yowongoka, muilembe mizere ya masentimita 10 10, ikhale ya ntchito imeneyo yokha osati yomwe ana amathyolera mango. Mukaviika nkuona kuti yanyowa mpaka 90, chotsani 10 wa pansi uja, 80 kutaimuza 25.4, muli ndi malita 2000 ndi pang'ono. Kumtunda kumene thanki imayamba kuning'a ngati mapewa nambalayi siigwiranso bwino, sentimita ya kumeneko imakhala ndi madzi ochepa.

Zimene zili mkatimo zimadya malo a madzi

Chinthu chikalowa m'madzi madziwo amasuntha kuchipatsa malo, ndi chifukwa chake ndowa yodzadza imasefukira mukaviikamo mkono. Amene anaiika nkhaniyi mu masamu ndi Archimedes wa ku Syracuse pa chilumba cha Sicily, anamwalira mu 212 BC, ndipo lamulo lake lili pawiri, pamene anthu ambiri amangogwira mbali imodzi. Chinthu chomira chimakankha madzi ofanana ndi kukula kwake. Chinthu choyandama chimakankha madzi ofanana ndi kulemera kwake. Poti lita ya madzi imalemera kilo imodzi, choyandama cha makilo atatu chakankha malita atatu basi, kaya ndi chachikulu bwanji. Chigubu cha 20 chopanda kanthu chotseka bwino chikamayandama chakankha lita imodzi kapena kupitirira pang'ono, koma muchikanikize chimire chonse muona madzi akukwera ndi malita 20 ndi kuposa. Nde mpira wa ball valve musavutike nawo, suli kanthu. Zovutika nazo ndi zomira, chipilala, pampu yomiza, miyala, zidutswa za njerwa zimene amisiri anasiya mkati, mchenga, matope.

Chinthu chokhala ndi makona mumachiyeza ngati thanki yomwe. Chopanda shepu ngati mwala kapena pampu pali njira ziwiri. Yoyamba, ikani ndowa mu beseni, dzadzani ndowayo mpaka pakamwa, mizani chinthucho pang'onopang'ono, madzi amene agwera mu beseni muwayeze ndi botolo la lita. Yachiwiri, chimizeni mu chotengera chimene mukudziwa malita ake pa sentimita muone madzi akwera bwanji. Koma izi musachitire mu thanki yaikulu, mwala wa malita 20 mu thanki ya 25.4 sukweza madzi olo sentimita imodzi yathunthu ndiye simuona kanthu. Mgolo wachitsulo uja wa 200 ndi wabwino, dayamita yake imakhala cha pa 57, ndiye sentimita iliyonse ndi malita awiri ndi hafu, madzi akakwera masentimita 8 mwalawo ndi wa malita 20.

Muli ndi sikelo? Miyala yolimba ngati ya granite imalemera pafupifupi makilo 2.7 pa lita, nde makilo 27 a miyala akankha malita 10. Gawani makilo ndi 2.7 basi. Njerwa zootcha ndi miyala yobowokabowoka sizitsata zimenezi chifukwa zimamwa madzi, muziviike kaye usiku wonse kenako muyeze.

Kwale ndi mchenga ndi kumene anthu amalakwitsa mbali inayo. Ndowa ya 20 yodzadza kwale siikankha malita 20 ayi, pakati pa miyalapo pali mipata ndipo madzi amalowamo, kawirikawiri mipatayo imakhala gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirira pang'ono. Yesani nokha, dzadzani ndowa ndi kwale, thirani madzi ndi botolo la lita mukuwerenga mpaka afike pakamwa, mukathira 7 kapena 8 ndiye kuti miyalayo payokha ndi malita 12 kapena 13. Amene mumapanga sefa ya madzi ya mchenga ndi miyala mu mgolo dziwani kuti mgolo wa 200 wodzadza kwale umasunga madzi cha m'ma 70 kapena 80 okha.

Matope nawo samalani, musawachotse kawiri. Matope okhuthala masentimita 5 mu thanki ya njerwa ija adya malo a malita opitirira 100, koma ngati ali kunsi kwa paipi yotulutsa ndiye kuti ali mu gawo lomwe lija munalichotsa kale, madzi otunga sanachepe. Amayamba kuchepetsa akadutsa paipi, ndipo pofika pamenepo mpope wayamba kale kutulutsa zofiira, tsukani thanki.

Nanga zonsezi nzofunika chani ngati madzi akutuluka? Mankhwala. Klorini amathiridwa motsata malita amene ali mkatimo nthawi imeneyo, osati nambala ya pa thanki. Munthu wa thanki ya njerwa uja akathira klorini wa malita 6000 mu madzi 2700 wathira kuposa kawiri, madzi amanunkha, ana amakana kumwa nkumakamwa kwina kosatetezeka, ndipo thanki ikakhala kuti ili hafu ndiye zanyanya. Apa werengerani madzi onse ndi apansi pa paipi omwe chifukwa nawonso amasakanikirana ndi mankhwalawo. Mlingo wake tsatani zolembedwa pa botolo kapena zimene alangizi azaumoyo akuuzani, masamu athuwa akungokuuzani malita.

Osunga nsomba mu thanki ya galasi vutoli limawakhudza koposa, makamaka a mbuna, tinsomba tokongola tija ta m'nyanja ya Malawi timene timakhala m'miyala, amene ali ku UK ndi ku Joni amationa m'mashopu a nsomba. Mbuna zimafuna miyala yambiri zedi. Thanki ya 120 kwa 45 kwa 45 kunja ndi malita 243, koma mukachotsa galasi la sentimita imodzi mbali zonse ndipo madzi akufika 40, ndi malita 203. Muikemo makilo 54 a miyala, 20 apita. Mchenga pansi enanso 10 kapena kuposa. Mwatsala ndi cha m'ma 170, nde mukathira mankhwala a 243 mwaonjeza kwambiri ndipo mankhwala ena a nsomba safuna kuonjeza. Njira yachidule ndi kuwerenga malita tsiku loyamba kudzadza miyala ili kale mkati, nkulemba penapake.

Kukankha madzi komweku kumathandizanso. Botolo la lita imodzi lodzadza madzi lotseka mukaliika mu kathanki ka toileti, pambali poti lisagwire zitsulo, fulashi iliyonse mwapulumutsa lita. Mathanki akale aja a malita 9 zimayenda, atsopano a malita 6 asiyeni choncho, mudzayamba kufulasha kawiri.

Thanki yogona ndi madzi ogula

Thanki yozungulira ikagona chammbali, kaya mgolo kaya ya pa bowser, zija za malita pa sentimita ziiwaleni. Pansi ndi pamwamba ndi poning'a, pakati ndi potakata. Ndodo ikaonetsa hafu ndi hafudi, koma ikaonetsa kota madzi ali pafupifupi 20 pa 100 osati 25, ikaonetsa makota atatu ali pa 80 pa 100, ndipo ikanyowa gawo limodzi mwa magawo 10 madzi atsala 5 pa 100 okha. Ndi chifukwa chake thanki yogona imaoneka ngati ikutsika bwinobwino kenako kumapeto imangotha mwadzidzidzi. Yotere ndi bwino kuidzadza ndi chigubu chodziwika mukulemba mzere pa ndodo malita 20 alionse. Ndati chodziwika chifukwa ndowa zambiri zomwe timati za 20 si za 20 zenizeni, ndipo chigubu chodzadza mpaka pakamwa chimapitirira. Chiikeni pa sikelo chopanda kanthu kenako chodzadza, kusiyana kwa makilo ndiwo malita.

Mukamagula madzi a bowser musayeze thanki yawo, yezani yanu. Viikani ndodo asanayambe ndi akamaliza. Malita 2000 mu thanki ya 25.4 ayenera kukweza madzi masentimita pafupifupi 79, akakwera 60 mwalandira 1500 ndi pang'ono, mukambirane ali pompo.

Za magaloni mwachidule, ya ku America ndi malita 3.785, ya ku Britain ndi 4.546. Mgolo womwewo ena amati 55 gallons ena 44 gallons, ndiye mukaona magaloni pa pampu kapena pa botolo la mankhwala onani kaye kuti ndi a dziko liti.

Masamu akwana koma madzi akusowabe

Apa tsopano mutha kuyamba kukayikira kudontha. Madzulo tsekani valavu yolowetsa ndi yotulutsa yomwe, lembani pamene madzi ali, m'mawa muonenso. Akatsika, thanki yeniyeniyo ndi imene ikudontha, ndipo sentimita ziwiri pa usiku umodzi mu thanki ya 25.4 ija ndi malita 50, pa mwezi 1500 kuwerengera usiku wokha, si zocheza. Thanki ya njerwa yatsopano imamwa madzi masiku oyamba nde musafulumire kuigamula, yosavindikira nayo nyengo yotentha imataya mamilimita angapo pa tsiku ndi dzuwa, ikani ndowa ya madzi pambali muyerekeze kutsika kwake. Akapanda kutsika, usiku wotsatira tsegulani yotulutsa yokha, mipope yonse m'nyumba ikhale yotseka ndipo wina asafulashe. Akatsika ulendo uno vuto lili ku mapaipi kapena ku toileti. Toileti ndiye ndimayamba kuikayikira, rabala ya mu kathanki ikatha madzi amayenda mwakachetechete usana ndi usiku ndipo pa tsiku amatha kupita malita mahandiredi. Pukutani kumbuyo kwa mbale ya toileti mkatimo, mumatepo pepala louma, likanyowa musanafulashe mwapeza wakuba.

China chimene ambiri sachiganizira ndi madzi kubwerera. Ngati paipi ya thanki ndi ya Water Board zimakumana penapake popanda non-return valve, valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, kapena ilipo koma inafa, madzi akasiya kumsewu thanki yanu imayamba kutsitsira madzi mu paipi yaikulu ndipo mukumwetsa mzere wonse osadziwa. Chizindikiro chake thanki imatha msanga pokhapokha madzi akasiya, masiku ena ili bwinobwino. Tsekani valavu ya pa mita madzi akangosiya muone ngati kutsika kwaima.

Onaninso ngati thankiyo imadzadza nkomwe. Ili pa sitandi yaitali ndipo puresha ndi yochepa, madzi amakwera pakati pausiku pokha, mwina amangofika hafu mpaka kucha. Mamita 10 a msinkhu amafuna bar imodzi ya puresha, ndiye sitandi ikatalika kwambiri masana madzi safikako. Viikani ndodo cha m'ma 5 koloko m'mawa anthu asanayambe kusamba. Ndipo poti tatchula sitandi, malita 5000 ndi matani asanu, musakweze thanki yaikulu pa sitandi imene inapangidwira ya 2000.

Zonsezi zikakhala bwino chatsala ndi kagwiritsidwe ntchito basi. Nyumba ya shawa ndi toileti yamadzi munthu mmodzi kufika malita 100 pa tsiku si zachilendo, anthu 6 ndi malita 600, ndiye 4300 aja ndi a sabata imodzi, 2400 a thanki ya njerwa aja ndi a masiku anayi, musanathirire maluwa kapena kutsuka galimoto. Kuti mudziwe nambala ya pakhomo panu tsekani valavu yolowetsa, viikani ndodo m'mawa, muviikenso mawa lake nthawi yomweyo, kusiyana kwake mutaimuze ndi malita pa sentimita. Musawauze a pakhomo kuti mukuyeza, akadziwa tsiku limenelo aliyense amasamba ndi kapu.